Jessie wa pa Chulu

Pa siteji ya Mtakataka pali mkangano umodzi umene sutha. Dzuwa likafika pamutu, okwera atasowa, madalaivala amasonkhana pansi pa mtengo wa bwemba pafupi ndi tiyirumu ya Kettie n'kuyamba kuweruza magalimoto a dziko lonse, ngakhale amene sanawaonepo ndi maso. Tsiku limeneli kunkatentha mpaka phula kununkha, ndipo amene pakamwa panali patamuyabwa kwambiri anali Noel.

Noel anali mnyamata wa takisi. Ankayendetsa Siyenta yasiliva pakati pa Mtakataka, Mua ndi Golomoti, ndipo ankaipukuta kawirikawiri kuposa mmene ankapukutira nsapato zake.

"Za magalimoto akale musandiuze," anatero akupukusa makiyi pachala. "Galimoto yoti poiliza uyambe waitana mudzi wonse kudzakankha? Imeneyo si galimoto, ndi khola la nkhuku lokhala ndi nambala."

Mussa, dalaivala wa lole yonyamula mpunga ku Bwanje, anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana, yakoyo ikadwala umayamba kusakasaka munthu wa kompyuta ku Lilongwe. Zakale zija ukakhala ndi sipanala ndi kawaya, basi wafika kwanu. Nanga chitsulo chake! Ukachigogoda chimayankha."

"Zili ndi mphepo yozizira m'kati?"

"Nanga zenera analiikira chiyani?"

Anthu anafa nacho chiseko. Apa m'pamene Kettie anatulukira ndi makapu a thobwa. Kettie kwawo kunali ku Golomoti, ndipo siteji yonse inkadziwa kuti Kettieyo anamuponyera diso Noel kalekale. Noel yekha ndi amene ankanamizira kusaona.

"Inu muli kalikiliki kukangana za zitsulo, anzanu akukulandani zenizeni," anatero Kettie akuika kapu patsogolo pa Noel. "Kodi Jessie mwalankhula naye liti?"

Makiyi aja anasiya kuzungulira. Jessie anali bwenzi la Noel kuyambira dzinja lapitalo. Ankakhala ku Golomoti ndi mayi ake pakhomo pa amalume ake, a Ganizani, ndipo Noel anali asanapondeko. Nthawi zonse akanena zotumiza ankhoswe, Jessie ankangoti, "Dikira kaye, amalume ndi ovuta, ndiyambe ndawafewetsa."

"Bwanji kodi?" anafunsa Noel.

"Dzulo ndinali kumudzi. Kwa a Ganizani kukumabwera bwana wina wa ku Lilongwe, dzina lake Richard, wa galimoto yoyera yaitali. Ndinamumva ndi makutu angawa akuti, 'Madala, Jessie ndamukonda, ndipatseni ndikamusamale m'tauni.' A Ganizani amuuza kuti abwerenso Loweruka adzamve yankho."

Tinene chilungamo, Kettie sananame ngakhale liwu limodzi. Kungoti panali mawu ena ochepa amene anawasiya dala m'thumba la epuloni yake. Noel anaimirira, thobwa osalawa n'komwe.

*

Anakadzitsekera m'galimoto, n'kutulutsa foni. Chimene chinkamudya kwambiri chinali kufuna kudziwa. Richard ameneyu ndi wotani? Anamuona kuti Jessie? Ndipo zafika bwanji mpaka kwa amalume iye osamva kanthu?

Analemba mwaukali, ngati akulankhula za munthu wachilendo: "Ndamva kuti Jessie akupita ku Lilongwe ndi Richard. N'zoona?"

Yankho silinachedwe. "Iii, zafika kale kumeneko? Amalume sanavomere kwenikweni, koma akuoneka kuti akomedwa naye munthuyo. Ine mtima ukundipweteka."

"Ndiye iwe ungokhala chete?"

"Nanga ine ndili ndi mawu? Mwini wake ndi amalume. Komanso Richard akuti akamusamala bwino kuposa kuno, azikagona pamalo a matailosi."

Noel anawerenga kawiri. Matailosi! Iye nyumba yake ya lendi inali ya simenti yong'ambika, ndipo Jessie sanadandaulepo. Anaimba foni, koma inangolira kamodzi n'kuduka. Kenako panalowa uthenga wina: "Batire yatha, kuno magetsi kulibe. Tikambirana."

Tikambirana liti, Loweruka litadutsa? Noel ankadziwa bwino kuti mnyamata sapita yekha kwa malume wa mtsikana, amatuma akuluakulu. Koma nsanje ilibe mwambo. Analiza galimoto n'kulunjika ku Golomoti, anthu awiri amene ankamuimitsa panjira anangowadutsa ngati mitengo.

*

Nyumba ya a Ganizani sinavute kupeza. Patsogolo pake panali chulu chachikulu chosalazidwa pamwamba, ndipo pachulupo panakhala pikapu yakale yobiriwira, mphuno italoza kumunsi, mwala utatchinga tayala lakutsogolo. Ngakhale anali ndi mkwiyo, Noel anaima kaye kuiyang'ana. Inali ndi magetsi ozungulira ngati maso a ng'ombe, ndipo penti yake inkawala. Koma n'chifukwa chiyani munthu angaimike galimoto pa chulu?

"Odi kuno!"

Pansi pa pikapuyo panasuntha miyendo iwiri, kenako panatuluka bambo wamtali wa imvi, atavala ovololo yodetsedwa ndi oyilo. Noel ananjuta, n'kupereka moni mwaulemu wonse umene anali nawo.

"Ine ndine Noel, bambo, wa ku Mtakataka. Ndabwera pa nkhani ya Jessie."

A Ganizani anapukuta manja pa kansanza akumwetulira. "Nanunso? Chaka chino ndiye Jessie wanga watchuka. Munamuona kuti?"

"Pa Mtakataka pomwepo, nthawi ya mvula. Anaima pafupi ndi msika atanyowa."

"Ndalikumbuka tsiku limenelo. Anandichititsa manyazi, anakaniratu kusuntha mpaka mvula itakata. Ndiye mukuti mwamukonda?"

"Kwambiri, bambo. Ndikufuna ndikhale naye moyo wanga wonse."

"Aliyense amatero akamuona atasamba. Koma mukumudziwa bwinobwino? M'mawa sadzuka yekha ameneyu, mpaka umukankhe."

"Tizidzutsana, bambo."

"Ndipo amamwa."

"Amamwa?"

"Osati masewera. Mukadzakwera naye phiri la Khwekhwerere ndiye mudzalira. Akatopa amayamba kutsokomola, kenako utsi."

Noel mutu unazungulira. Jessie wake wa m'kwaya uja, amene ankakana ngakhale thobwa logona, amamwa mpaka kusuta?

"Komanso zaka zapita," anapitiriza a Ganizani. "Makumi asanu akukwana posachedwa. Koma thupi likadali gwa! Tagwirani apa mumve nokha." Ndipo anamenya boneti ya pikapu ija ndi chikhatho, mwachikondi.

Kumbuyo kwa Noel kunamveka ndowa ikugwa, madzi n'kumwazika. Atacheuka anaona Jessie, amene ankachokera ku mjigo, atagwira m'mimba, misozi ya chiseko ili mbwee.

"Noel! Amalume akunena Jessie wamkulu! Galimoto!"

Manyazi amene anamugwira Noel, akadakhala ndi khasu akadakumba pomwepo n'kulowa. Komabe pansi pa manyaziwo panali chimwemwe: Richard ankafuna chitsulo, osati mkazi. Chimwemwecho sichinakhalitse, chifukwa nkhope ya a Ganizani inali itasintha.

"Tsono inu mukunena Jessie wamng'ono?" anafunsa pang'onopang'ono. "Mwabwera nokha, dzuwa likuswa mtengo, kudzafunsira mbeta pamaso pa malume wake? Kwanu kulibe akuluakulu?"

"Pepani bambo, ndinamva zoti…"

"Ndipo mwabwera pa chiyani? Firiji ya matayala iyi?" Anayenda mpaka pa Siyenta ija n'kusuzumira pazenera. "Ha! Zopondera ziwiri zokha. Mwendo wanu wamanzere umagwira ntchito yanji, achimwene? Galimoto yosankha yokha magiya, inu kumangokhala ngati katundu. Munthu amene sanaphunzire kumva injini ikamadandaula, angamve mkazi akamadandaula?"

Apa mnyamata wanzeru akadangoti pepani n'kutsanzika. Koma pakamwa pa Noel panazolowera pansi pa bwemba paja, pamene munthu sagonja.

"Komatu bambo, yangayi imanyamuka nthawi yomweyo. Amayi oyembekezera ndimawafikitsa kuchipatala cha Mua bwinobwino. Inayi munthu akhoza kuchirira panjira."

Jessie anasiya kuseka, n'kuwerama kutola ndowa yake.

"Anachiriradi panjira," anatero a Ganizani ndi mawu otsika. "Mlongo wanga, mayi ake a mwana uyu. Chinali chaka cha madzi osefukira, msewu utasanduka phala, eni magalimoto onse atakana. Iyi yokha ndi imene inalolera kulowa m'matope. Ku Mua tinafika tili atatu pamene tinanyamuka awiri. Mwana anabadwira kumbuyo uku, pamatumba a thonje, ndipo dzina analitenga kwa amene anamunyamula."

Noel anagwetsa nkhope. Anamva chisoni chenicheni, chifukwa anazindikira kuti sananyoze galimoto, wanyoza chiyambi cha mkazi amene ankamukonda.

Kenako a Ganizani anati, "Mubwere Loweruka m'mawa. Mumutsitse Jessie pachulupa, mukazungulire naye pa mjigo, mumubwezere pomwe mwamupeza. Mukatha, tumizani ankhoswe anu tikambirane ngati anthu. Mukalephera, msewu wa ku Mtakataka mukuudziwa."

Atatero analowanso pansi pa pikapu.

*

Jessie anamuperekeza mpaka pa galimoto yake, koma nkhope sanamuonetse.

"Bwanji sunandiuze kuti pakhomo pano pali a Jessie awiri?" anafunsa Noel.

"Ndikuuze bwanji, tsiku lililonse ukuti magalimoto akale ndi makola a nkhuku? Ndinene kuti ndinabadwira m'khola? Ndi chifukwa chake ndinkati udikire."

"Undikhululukire, Jessie."

"Ine ndakhululuka kale. Nkhani ili kwa amene ali pansi pa galimotowo."

Noel anacheukanso kuyang'ana pikapu ija. Tsopano inkamukoka maso mwa mtundu wina. "Koma tandiuza, chulucho n'chachiyani?"

"Choliza injini chinafa ine ndili kusekondale, ndipo china sichipezeka. Kuno ukuona wekha, n'kwachidikha, mtsetse kulibe. Ndiye amalume anasalaza chulu. Ukachotsa mwala imatsetsereka yokha, iwe n'kusiya kilachi, basi yalira. Koma ikakuzimira pansi, usake anthu okankha."

"Nanga Richard ameneyu akuifuniranji?"

"Amasonkhanitsa magalimoto akale. Akuti ali ndi anzake m'tauni, amakumana n'kumaonetsana, wina kuyamikira mipando, wina kulira kwa injini. Atafika anaizungulira ngati waona mzimu. Anaijambula mbali zonse, mpaka anandipempha kuti nditsamire chitseko kuti chithunzi chikome."

"Ndiye unatsamira?"

"Noel, usayambenso."

Sanayambenso, koma mawuwo anamutsalira pakhosi ngati munga wa nsomba. Asananyamuke anazemba n'kukasuzumira m'kati mwa pikapu. Munali mpando umodzi wautali wachikopa, zopondera zitatu, koma ndodo ya magiya pansi panalibe. Anaisaka ndi maso mpaka anaipeza itamera pambali pa chiwongolero. Chinthu chotere anali asanachionepo, ndipo anadabwa kupeza kuti akulakalaka kuchigwira.

Masiku otsatirawo siteji ya Mtakataka inaona zachilendo. Noel, mdani wa magalimoto akale, ankaphunzira kilachi pa lole ya Mussa kubwalo la mpira, lole ikudumpha ngati chule, Mussa akukuwa kuti, "Pang'onopang'ono! Imve kaye, usailamule!" Kettie ankaonerera ali pakhomo pa tiyirumu, milomo atatukula. Noel atamufunsa chifukwa chimene anamunamizira, anangoyankha kuti, "Ndinanama pati?"

Lachisanu masana kunabwera uthenga wa Jessie: "Nkhani yabwino! Amalume amuimbira Richard. Amuuza kuti Jessie wamkulu sagulitsidwa, makiyi ake adzagwira ndi mwamuna amene adzakwatire ine. Za Richard zatha basi."

Noel anavina yekhayekha m'galimoto. Palibe mwa awiriwa amene anadzifunsa kuti munthu wokonda chinthu ngati Richard mawu amenewa angawamve bwanji.

*

Loweruka m'mawa Noel anafika atavala malaya oyera. A Ganizani anali atakhala pampando pakhonde, manja atapinda, ndipo mayi ake a Jessie ankapeta mpunga chapatali, akunamizira kuti sakuona. Jessie ndi amene anamupatsa makiyi.

"Giya yachiwiri ndi kukokera kwa iwe n'kutsitsa," anamunong'oneza. "Usachite mantha, amadziwa munthu wamantha."

Noel anakhala pampando wachikopa uja. Munkanunkha oyilo, thonje ndi dzuwa la zaka zambiri. Anaponda kilachi, analowetsa giya, ndipo Jessie anachotsa mwala. Pikapu inayamba kutsetsereka mwakachetechete. Itafika pakati pa chulu, Noel anakweza phazi pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira Mussa. Galimoto inagwedezeka, inatsokomola, kenako inabangula ndi mawu akuya amene anawamva m'chifuwa mwake momwe.

Anaseka mokweza yekha. Kodi n'zimene ankanena achikulire aja? Chiwongolero chinali cholemera, msewu wonse unkamveka m'manja, ndipo injini inkachita kumuuza ikafuna giya ina. Anazungulira pa mjigo amayi otunga madzi akumuimbira m'manja, n'kuyamba kubwerera. Chulu chinkaoneka patsogolo. Chinangotsala n'kukwera mbali inayo n'kuima.

Pomwepo galimoto yoyera yaitali inatulukira pakona n'kukhotera pakhomo pa a Ganizani. Noel anadzidzimuka, anaponda buleki n'kuiwala kilachi. Jessie wamkulu anadumpha kamodzi n'kuzima, pamalo osalala ngati mphasa.

Thukuta linamutsika. Anaona a Ganizani akuimirira pakhonde. Kenako anamva kugunda kumbuyo, ndipo atayang'ana pagalasi anaona Jessie atamanga chitenje m'chiuno, manja onse ali pa galimoto.

"Lowetsa yachiwiri!" anakuwa. "Ndikukankha ine!"

Mtima wa Noel unadzaza. Mtsikana ameneyu ankakankha pamaso pa amalume ake, pamaso pa mayi ake ndi alendo, osasamala kuti anena chiyani. Koma pikapu yachitsulo chakale si yoti munthu mmodzi n'kuisuntha. Inangogwedezeka pang'ono n'kuima.

M'galimoto yoyera muja munatsika mwamuna wamsinkhu wa Noel, wooneka bwino mokwiyitsa. Anavula jekete modekha, anapinda manja a malaya, n'kudzaima pambali pa Jessie.

"Musavutike nokha, achemwali," anatero. "Mayi wolemekezeka ngati uyu safunika kumukakamiza. Tiyeni limodzi."

Ameneyo ndiye anali Richard. Anakankha phewa ndi phewa ndi Jessie, ndipo Noel ankaona zonse pagalasi. Pikapu inasuntha, inathamanga pang'ono, Noel anasiya kilachi, injini n'kulira. Anakwera chulu, anaimika mphuno italoza kumunsi monga anaipezera, n'kutsika. Anali atabweza galimoto pamalo pake, inde, koma ndi mphamvu za mdani wake.

"Kulira kumeneko!" Richard ankauza a Ganizani akupukuta manja. "Madala, za masiku ano zimangonong'ona. Iyi imalankhula." A Ganizani anayesa kubisa kumwetulira, koma kunawapulumuka.

Noel anayandikira kuti apereke makiyi ndi kumva chigamulo chake. Asanatsegule pakamwa, zitseko zakumbuyo za galimoto yoyera zinatseguka. Munatsika abambo awiri achikulire ovala majekete ndi mataye, oyenda mwa anthu amene atumidwa nkhani yaikulu. Mayi ake a Jessie anasiya lichero, n'kuthamangira m'nyumba kukatenga mphasa. Anthu ogula galimoto sayalidwira mphasa, ndipo Noel zimenezi ankazidziwa.

Alendo atakhala ndi kulonjerana, wamkulu mwa awiriwo anakonza pakhosi. "Ife ndife amalume ake a Richard. Tatumidwa pa nkhani ya Jessie."

A Ganizani anayang'ana pikapu pa chulu, anayang'ana mwana wa mlongo wawo amene anali akadali wefuwefu, chitenje chili m'chiuno. Sabata imeneyo anali ataphunzirapo kanthu, choncho anafunsa mosamala.

"Pakhomo pano a Jessie alipo awiri. Inu mwabwerera uti?"

Mkulu uja anamwetulira. "Tamva kuti salekana. Ndiye tabwerera onse awiri."

Jessie anagwira pakamwa. Noel anadikira kuti a Ganizani akane, anene kuti pali kale mnyamata amene wakwera chulu m'mawa womwewu. Koma a Ganizani sanakane. Anangotambasula dzanja kwa iye, osamuyang'ana kumaso.

"Achimwene," anatero, "tabweretsani kaye makiyiwo."